Dzenje la a Mwanza

Kezia anakwatiwa ndi mwamuna woonda ngati nkhafi, ndipo mimba yonse imene anthu a ku Feira ankaipatukira pamsewu inali ntchito ya manja ake. Anayamba kuimanga ku Petauke kumene anakwatirana, anaipitiriza ku Lusaka, n'kudzaimalizira kuno kumene Luangwa amathira m'Zambezi, boma litawatumiza a Lawson Mwanza kudzayang'anira za usodzi. M'mawa a Mwanza akamapita ku ofesi, mabatani a shati ali pa nkhondo yawoyawo, Kezia ankaima pakhomo n'kumawaperekeza ndi maso, mtima uli myaa. Akazi ena ankanyadira mashini osokera kapena wailesi. Iye ankanyadira mimbayo, ndipo sankabisa.

Zaka zimenezo nkhondo ya ku Rodeshiya inali itasefukira tsidya lino. Mabwato analeka kufika pakati pa Zambezi, chifukwa tsidya linalo kunali anthu owombera chilichonse choyandama. Mwana wawo Annet anamutumiza kwa agogo ake ku Petauke, nyumba n'kutsala ya anthu awiri, koma poto sanachepe. Asodzi ankaponyabe maukonde mozemba m'mbali mwa Luangwa, ndipo aliyense pobwerera ankasiya pende kapena mcheni pakhomo pa bwana wa nsomba, kuti bwanayo asaone zimene sanapemphedwe kuona. Kubweza nsomba ya msodzi kunali kumutukwana. Choncho pamene dziko linkaonda ndi nkhondo, a Mwanza ankaboola lamba wawo chakumapeto.

Ndege zitayamba kudutsa pafupipafupi, asilikali analamula kuti nyumba iliyonse ikhale ndi dzenje lobisalamo, lofoleredwa ndi mitengo ndi dothi. Pamtengo wa mlambe pafupi ndi msika anapachika chitsulo cha gudumu la thirakitala, nanena kuti chikalira, aliyense asiye chimene wagwira, alowe pansi. Kulamula kunali kosavuta. Nthaka ya ku Feira ndi mwala wovala dothi pang'ono, ndipo Damiano, msodzi wachikunda amene a Mwanza anamupempha kukumba, anayesa kumaso kwa nyumba, anayesa kuseri, anayesa pafupi ndi chimbudzi, konseko piki n'kumangolira pa thanthwe. Potsiriza anapeza mpata pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, nakumba cholowa pansi pake. M'kati munali motakasuka ndithu. Koma pakamwa pake panali pongolingana ndi mmene miyalayo inalolera.

A Mwanza anayang'ana pakamwapo, nayang'ana mimba yawo.

"Damiano, sungakulitseko pang'ono?"

"Mwala uyu usweka lini, bwana," anatero Damiano akupukuta thukuta, akukana ndi "lini" wa Chikunda chake. "Anauika ni Mulungu. Ngati pali chofuna kusintha, chisinthe china." Ananena akuyang'ana kumwamba, ngati chinacho sakuchidziwa.

Tsiku loyeserera linafika masana ena otentha. Chitsulo chinalira, Kezia anasiya nsomba pamoto, nathamanga n'kutsetsereka m'dzenjemo bwinobwino. Kenaka kuwala kunazima. Atakweza maso anaona miyendo iwiri ikupalasa m'malere, nsapato imodzi itagwa kale. A Mwanza anali atalowa mpaka m'chiuno, mimba n'kukhala pa miyala ija ngati chivundikiro pa mphika.

"Amake Annet, nidonseni!"

"Nidonse bwanji, atate ake Annet? Mufuna kubwera pansi kapena kubwerera?"

"Kulikonse!"

Kezia anakoka miyendo ndi mphamvu zake zonse, buluku n'kutsala m'manja mwake. Kunja anthu a m'nyumba zonse za boma anali atatuluka m'maenje awo, ndipo anasonkhana kudzaona theka la bwana litamera pansi. Asilikali awiri anagwira mikono n'kukoka, osaphula kanthu. Zinatheka pamene amake Nelly, mkazi wa sajeni wa polisi wa nyumba yoyandikana nayo, analowa m'khitchini mwa Kezia osaodira n'kutulutsa botolo la saladi, mafuta ophikira amene masiku amenewo ankapezeka mwamwayi. Anawathira onse kuzungulira mimba. A Mwanza anazuka ndi phokoso limene ana a ku Feira analiyeserera nyengo yonseyo. Kezia anatuluka pambuyo, buluku lili m'manja, osadziwa choyamba kulirira, mwamuna kapena saladi.

Koma zoseka zinamuthera atawaona atagona chagada pamthunzi, maso ali psuu, mpweya ukutuluka molira. Mkulu wa asilikali, amene sanaseke n'komwe, anamuitanira Kezia pambali n'kumuuza kuti tsiku la ndege zenizeni sipadzakhala munthu wokatenga saladi. Mawu amenewo anamulowa m'mafupa. Anachita mantha, mantha enieni, kuti tsiku lina iye adzakhala pansi ali wamoyo, mwamuna wake atatsala panja.

M'mawa mwake Landirova ya boma inawatengera ku chipatala cha Katondwe. Sisitere wa kumeneko anawamanga lamba wopopa pamkono, anapukusa mutu, nawauza kuti mtima wawo ukusenza katundu wa anthu awiri. Nsima achepetse, mtanda umodzi basi. Nsomba ikhale yowotcha, osati yokazinga. Shuga m'tiyi aiwale, mowa azingoupatsa moni wapatali, masamba adye ngati mbuzi. Ndipo m'mawa uliwonse, dzuwa lisanapse, aziyenda mofulumira, akazolowera azithamanga. A Mwanza, amene manyazi a buluku anali akuwawotchabe, anavomera zonse. Kezia anavomeranso ndi pakamwa. Panjira yobwerera ankangoyang'ana mimba ija ikugwedezeka pa mabampu, ngati munthu wouzidwa kuti agumule nyumba yomanga yekha.

Vuto linayambira pa mbale. Nyumba za boma zinali zondandana, makhitchini ake ali panja, ndipo zonse zinkadalira pompi imodzi ya madzi kumene akazi ankatsukira ziwiya. Pa pompi imeneyo panalibe chobisika. Poto wa kwa a Mwanza ankadziwika, wamkulu, wa zigwiriro ziwiri, ndipo zinkadziwikanso kuti mbale za kumeneko zimabwera zoyera ngati zatsukidwa kale. Tsopano Kezia anatulukira ndi kapoto, ndi mbale imene munali mtanda wathunthu wosakhudzidwa. Amake Nelly anaona Kezia asanatule n'komwe.

"Ah ah, amake Annet, kapoto aka ni ka mwana wa ndani? Ba Mwanza bayenda ku Lusaka?"

"Balipo. Ku chipatala banena ati bachepeko thupi."

Akazi onse anaseka mpaka wina anakhala pansi. Chipatala chiti chimene chimauza munthu kuti aonde? Ku chipatala kumapita oonda kuti akanenepe, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Amake Nelly anapukuta misozi ndi chitenje, nasendera pafupi, mawu atatsitsa mongokwanira kuti onse amve.

"Mverani, mwana wa amai. Ine ndine mukulu wanu. Mwamuna akayamba kubweza nsima, ninshi adya kwina. Ba sajeni banachitako so, ati m'mimba, m'mimba. Mimba yake inali ku maliketi, igulitsa vitumbuwa."

Kezia anadziwa kuti ndi bodza. A Mwanza sakanatha kukhala ndi chibwenzi ku Feira, kumene munthu ukayetsemula ku doko amamva ali ku polisi, komanso ndi thupi losabisika lija. Koma kudziwa kwake kunalibe ntchito pa pompi. Kwawo anamulangiza kuti mbale ya mwamuna ikabwera ndi chakudya, mlandu ndi wa mkazi, ndipo mayi ake omwe akanamva zimenezi akanakwera basi tsiku lomwelo. Pofika madzulo nkhani inali itapeza kale dzina la mkazi wa ku msikayo, ndi mtundu wa duku lake.

M'mawa mwake poto wamkulu anabwerera pamoto. Kezia anaphika monga kale, poyera, akumenya mthiko mwamphamvu kuti a nyumba yachitatu amve. Anatulutsa botolo lina la saladi limene ankabisa m'sutikesi, nakazinga mcheni mpaka fungo linafika kwa sajeni. Ananyamula mbale zodzaza, zovundikira, kudutsa pabwalo pang'onopang'ono ngati wonyamula zopereka ku tchalitchi. Atalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, anawapatulira a Mwanza mtanda wawo umodzi, chibwabwa cha masamba a maungu, ndi kachidutswa ka nsomba yowotcha. Zotsala zonse anapita nazo kuchipinda chosungira ufa.

Kutaya sakanataya, anthu akugona ndi njala m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, komanso agalu a ku Feira akanaulula. Kugawira anzake kukanakhala kudzinenera yekha. Anaziyang'ana mbalezo kwa kanthawi. Kenaka anakhala pa thumba la ufa, anasamba m'manja, nayamba kuteteza ukwati wake.

Masiku oyamba ankadya mokakamiza, akupumira pakati, thukuta lili kamukamu. Koma m'mimba mwa munthu ndi mophunzira msanga. Posakhalitsa Kezia anazindikira kuti zaka zonsezi ankaphika bwino kuposa mmene ankadziwira, chifukwa mbali zonona zonse zinkapita kwa mwamuna, iye n'kumatsala ndi mitu ndi michira. Tsopano anakumana nazo maso ndi maso, ndipo anagwirizana.

A Mwanza nawo anayamba zawo. Poyamba ankangoyenda mofulumira, anthu n'kumayesa Landirova yafa. Kenaka m'mawa wina anavala kabudula wa khaki amene telala anamuwonjezera nsalu m'mbali, anamanga nsapato za tenesi, natsika msewu wa kumsika akuthamanga.

Chimene anaiwala n'chakuti ku Feira zaka zimenezo munthu wamkulu sankathamanga chabe. Akathamanga, ndiye kuti waona kanthu. Ndipo uyu sanali munthu wamba, anali bwana wa boma, wa ofesi yokhala ndi wailesi ya mauthenga, munthu amene chibwerereni sanaonekepo akufulumira ngakhale mvula ikugwa. Akazi ochokera kotunga madzi anaponya ndowa. Ogulitsa masau anasiya madengu, mbuzi n'kuyamba phwando. Wina anafika pa mlambe n'kuliza chitsulo, ndipo a Mwanza atamva chitsulocho anachita mantha nawonso, nawonjezera liwiro, anthu poona liwirolo n'kuyamba kukuwa. Sajeni, mwamuna wa amake Nelly, analowa m'dzenje ndi sopo kumutu. Feira yense anakhala pansi pa nthaka mpaka dzuwa litakwera, kudikira ndege, kumwamba kuli nkhwazi imodzi yokha.

A Mwanza okha anadikira ali panja. Anakhala pansi pambali pa miyala ija akupuma wefuwefu, mwendo umodzi atautsitsira m'dzenje, ndipo Kezia anaugwira mwendowo ali pansi, osausiya mpaka asilikali anabwera kudzanena kuti anthu atuluke.

Mkulu wa asilikali anawaitanitsa. Ankafuna kuwaletseratu, koma atakumbukira za saladi anawamvera chisoni. Anagamula kuti azithamanga ndithu, koma azikuwa njira yonse kuti anthu adziwe kuti kuli mtendere. Kuyambira pamenepo Feira ankadzutsidwa ndi mawu a munthu wobanika akutsika msewu: "Kulibe kanthu! Kulibe... kanthu!" Ana ankawayankha ali m'mipanda, atambala anatha ntchito, ndipo dzina la Mwanza linatsala la ku ofesi kokha. Pamsewu anali a Kulibekanthu. Kezia poyamba zinkamuchititsa manyazi, koma anazolowera, mpaka anayamba kuwadikira mawuwo. Ankawamva akutsika, akuchepa chakudoko, kenaka akubwerera, ndipo akabwerera ankadziwa kuti tsiku layamba bwino.

Lamba atayamba kubwerera m'mabowo ake akale, asodzi anada nkhawa. Damiano anafika masana ena ndi vundu wamkulu, nsomba yonona ngati nkhumba, atamunyamula paphewa. Anawayang'ana a Mwanza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, napukusa mutu, namuitanira Kezia kuseri kwa khitchini.

"Mai, bwana akutha. Uku ni kudwala lini, pali munthu wawaponda. Kwa Mphuka kuli nkhalamba idziwa mankhwala."

"Ba Damiano, si ndimwe munakamba kuti china chisinthe?"

"Ine ndidanena chisinthe, mai. Ndidanena lini kuti chithe."

Uthenga unayenda m'madoko monse kuti bwana wa nsomba akufunika kudyetsedwa, ndipo nsomba zinayamba kufika mowirikiza. Kezia ankazilandira ndi manja awiri, akuthokoza, mtima ukulira, n'kupita nazo kumene zinkapita zinzake.

A Mwanza njala inkawazunza, zimenezo asaname munthu. Madzulo ankakhala pakhonde ndi tiyi wopanda shuga, akumwa ngati mankhwala a malungo. Ku ofesi anzawo akatumiza mowa wa masau, iwo ankapita kukayendera maukonde amene kunalibe. Tsiku lina Kezia anawapeza m'khitchini akununkhiza chivundikiro cha poto, maso atatsinzina. Chisoni chinamugwira, nawatambasulira kachidutswa ka vundu wokazinga. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Chotsani, amake Annet. Nifuna nikalowe mu dzenje muja na imwe."

Kezia anatembenuka kuti misozi isaoneke, ndipo kachidutswako anadya yekha.

Lamlungu lililonse pochokera ku tchalitchi ankayesa dzenje. A Mwanza ankavula jekete n'kutsitsa miyendo, Kezia ataima pamwamba kuti awakoke zikavuta. Poyamba miyala inkawagwira pansi pa mchombo. Masau atatha m'mitengo, inayamba kuwagwira cha m'nthiti. Mvula yoyamba itagwa, Lamlungu lina, a Mwanza anatulutsa mpweya wonse, anadzipotokola pang'ono, n'kuzimiririka. Pansi panamveka kuseka ngati kwa mwana. Kezia anaimba nthungululu mpaka amake Nelly anasuzumira pampanda.

"Bwerani muone, amake Annet! Muno ni mozizira!"

"Awe, muli vinkhanira. Na diresi iyi ni ya ku tchalitchi."

Kezia anali asanalowemo chichitikireni chipwirikiti cha kuthamanga kuja. Panalibe chifukwa. Dzenje linali vuto la a Mwanza, iye analowamo kale mosavuta, aliyense akuona. Chitenje nachonso sichidandaula, chimangozungulira chimene chapeza. Diresi ya ku tchalitchi itayamba kuluma m'khwapa, Kezia anati ndi madzi a Zambezi amene amafinya nsalu. Pa pompi nkhani ya mkazi wa ku msika inali itafa, chifukwa mbale zinkabwera zoyera, koma inabadwa ina. Amake Nelly ankafunsa kuti zikutheka bwanji, nyumba imodzi, poto mmodzi, mwamuna akutha ngati sopo, mkazi akufufuma. Kezia ankayankha kuti ndi mtendere wa mumtima.

Tsikulo linayamba ngati masiku ena a dzinja, chimanga chitamasula ngayaye m'minda. Kezia anali kukhitchini akukoleza moto, khutu lili kumsewu. Anamva "Kulibe kanthu" akutsika, akuchepa, n'kuthera ku doko. Anadikira kuti abwerere. Chimene chinabwerera anali mapazi okha, phaphapha pamsewu, ofulumira kuposa kale lonse, opanda mawu. Kezia anaimirira, chikuni chili m'manja. A Mwanza anatulukira pangodya ya polisi akuthamanga ngati mnyamata, pakamwa patatsekeka, dzanja likuloza kumwamba, ndipo Feira yense, amene anazolowera kugona m'phokoso lawo, anadzidzimuka ndi chete ameneyo. Chitsulo chinayamba kulira. Kenaka kunamveka kulira kwina, kochokera tsidya la Zambezi, kong'amba mitambo.

"Lowani!" anakuwa a Mwanza, akumukankhira Kezia ku miyala ija. "Yambani ndimwe!"

Kezia anakhala pansi, anatsitsa miyendo monga ankachitira kale, nadzisiya kuti atsetsereke. Anatsetsereka pang'ono, n'kuima. Anatulutsa mpweya, anadzipotokola monga ankachitira amuna ake. Miyala inamugwira m'chiuno mbali zonse ziwiri, mosanyengerera. Anayesa kubwerera, osatheka. Pamenepo mitanda yonse ija, mcheni, vundu wa Damiano ndi botolo la m'sutikesi zinabwera pamodzi kudzamupatsa moni.

A Mwanza anamukankha pamapewa. Anamukoka m'khwapa. Ndege yoyamba inadutsa pamwamba pa nyumba, yotsika moti malata ananjenjemera, ndipo chakumtunda kwa mtsinje kunagunda chinthu chimene Kezia anachimva m'miyendo, kudzera m'nthaka.

"Saladi ili kuti?"

"Inatha!"

"Ba Mwanza!" Anali amake Nelly, mutu wokha ukuoneka pa dzenje lawo kuseri kwa mpanda. "Bwerani kuno, malo yalipo! Ndimwe boonda manje, muzakwana! Thamangani!"

Panali pafupi, ndipo kuthamanga a Mwanza tsopano ankakutha. Kezia anaona zimenezo, ndipo mtima unamupweteka kuposa miyala. Munthu uyu anamwa tiyi wowawa nyengo yonse, anasanduka choseketsa cha ana, anakana nsomba m'dzanja la mkazi wake, zonsezo chifukwa cha dzenje limene iye tsopano analitseka ndi chakudya cha mwini wakeyo.

"Yendani, atate ake Annet. Yendani, napapata. Annet asatsale alibe tonse."

A Mwanza anayang'ana kumpanda kamodzi. Kenaka anagwada, anamuweramitsa Kezia mpaka nkhope inagunda dothi, namugonera pamsana, mikono atakulunga mutu wake. Ndege yachiwiri inadutsa. Kwinakwake galasi linasweka, fumbi linawakuta, mbuzi inalira ngati munthu.

"Nsima yanu ija," anatero Kezia pakamwa pali dothi, "nimadya ndine."

"Niziba. Thumba la ufa limalira mukankhalapo."

"Nanga osakamba?"

"Nikambe chani? Munali kunimenyera nkhondo ku pompi. Na njala ija, mphamvu yokangana ninali kuipeza kuti?"

Kezia anafuna kuseka, koma kunagundanso, pafupi kuposa poyamba, ndipo a Mwanza anamupanikiza kwambiri. Kale akanamuphimba yense, n'kutsalako pophimba mnansi. Tsopano mapewa a Kezia ankatulukira mbali zonse, ndipo mafupa a munthuyo ankamubaya. Koma kudzera m'nthiti zimenezo anamva chinthu chimene anali asanachimve chichokereni ku Petauke, mtima wa mwamuna wake ukugunda pamsana pake, mofulumira, mwamphamvu, mosaphonya. Zaka zonsezi anali ataukwirira yekha ndi manja ake, akuyesa akuusamala.

"Mwaonda maningi," anatero akulira. "Simunikwana."

"Khalani chete, amake Annet. Pamene nakwana ni pamenepo."

Anakhala choncho mpaka kumwamba kunati zii. Utsi unakwera chakumtunda, kumidzi ya m'mbali mwa Zambezi, ndipo tsiku limenelo panalibe woseka, ngakhale pamene Damiano ndi asilikali ankamuzula Kezia ndi sopo wa sajeni. Chakumadzulo anthu a kumidzi ija anayamba kufika, ana ali kumsana, ena opanda kanthu m'manja, ena osafuna kufunsidwa za amene anatsala. Poto wa zigwiriro ziwiri anapita kusukulu kumene anthuwo anawagoneka, nsomba za asodzi zinamutsatira, ndipo sanabwererenso.

Pa pompi amake Nelly anaona kapoto kaja kakubwera, anatsegula pakamwa, anayang'ana Kezia, n'kutsekanso. Anali ataona ndi maso ake chimene mwamuna wobweza nsima anachita, pamene sajeni wake anali pansi penipeni pa dzenje, atalowa iye asanalowe.

Panapita masiku msewu wa kudoko uli chete m'mawa, ndipo anthu sankagona bwino. Tsiku limene kukuwa kunayambiranso, Feira anamva mawu a anthu awiri. Oyamba anali odziwika. Achiwiri anali kumbuyo, aakazi, obanika, ofika pa "Kulibe" n'kulephera kumaliza. Anthu atasuzumira m'mipanda anaona Kezia, chitenje atamanga m'chiuno, nkhope ili ngati akupita kukamenya munthu. A Mwanza, amene akanatha kufika ku doko n'kubwerera iye asanadutse pa polisi, ankathamanga pang'onopang'ono patsogolo pake, akucheukacheuka kuti asamusiye.